Funso Lililonse ndi Danga Lake

Tsiku limene zotsatira za mayeso zinatuluka, Lubaba anakakhala kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mgolo wa madzi, foni ili m'manja. Anali atalakwa kachiwiri. Kutsidya kwa mpanda aneba ankaimba nthungululu chifukwa mwana wawo anali atakhoza, ndipo kuno ku Kombolcha nthungululu sitiimba monong'ona. Lubaba anatseka makutu koma zinkalowabe.

Inu amene munalakwapo mayeso mukudziwa kuti chopweteka kwambiri si zotsatirazo ayi. Chopweteka ndi anthu odzapepesa. Azakhali, aneba, ngakhale wogulitsa makala, aliyense amabwera ndi nkhope ya pamaliro, n'kumakuuza za mwana wa uje amene anakhoza kamodzi kokha. Lubaba anatopa nazo, moti anasiya ngakhale kupita kumsika.

Makolo ake anamwalira iye ali wamng'ono. Amene anamulera ndi malume ake, a Endris, dalaivala wa galimoto yonyamula chakudya, munthu woti nthabwala sizimuthera ngakhale tayala litaphulika. Iwo ndi amene anamupeza kuseri kuja.

"Malume, mutu wangawu ndi dzungu," anatero Lubaba. "Mwangotaya mphamvu zanu pa ine."

"Dzungu nalonso lili ndi ntchito, mwanawe," anayankha a Endris. "Dzuka usambe m'maso. Mawa tikaonane ndi mayi Askale, akufuna munthu wa pachiwaya."

Mayi Askale anali ndi khitchini yaikulu imene inkadyetsa anthu osoka zovala m'mafakitale a kumapeto kwa tauni. Anali mayi wamfupi, koma mawu awo ankamveka mpaka kutsidya kwa msewu. Anamuyang'ana Lubaba kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kumuloza chiwaya cha injera, mkate wathu wopyapyala umene timadyera ndiwo. Utsi unamuliza misozi sabata yonse yoyamba, ndipo iye anauyamikira utsiwo chifukwa palibe amene ankafunsa kuti akulira chiyani.

Kuno miphika timaika itatu ndipo palibe amene amafunsa chifukwa chake. Mkhristu sadya nyama yophedwa ndi Msilamu, Msilamu sadya yophedwa ndi Mkhristu, ngakhale ali pachibale, ngakhale anakwatirana, ndipo kunoko timakwatiranadi. Mphika wachitatu ndi wa osala nyama. M'menemo mumakhala shiro, ndiwo ya ufa wa tchana ija, ndi mphodza ndi masamba, zopanda batala. Umenewo aliyense amapisamo dzanja.

Eni mafakitale anali ataika timakina pamageti. Munthu akamaweruka ankagunditsa khadi lake n'kudina kuti nyama yake ndi iti, komanso ngati mawa akusala ndipo akusala mpaka nthawi yanji. Zonsezo zinkakalowa mu kompyuta ya mu ofesi ya mayi Askale. Anthu a makompyuta amaitcha databesi, ife tingoti nkhokwe. Mayi Askale anaifunditsa kansalu koluka bwino kompyutayo, pamwamba pake n'kuikapo maluwa.

"Ine ndinayamba kuphikira maukwati inu musanabadwe," ankatero. "Ndimayeza ndi diso."

Tisawanamizire, diso lawo linali lakuthwa. Masiku wamba silinkaphonya.

Kompyutayo inkavulidwa nsalu pokhapokha akabwera Mastewal, mtsikana wa ku mafakitale amene ankayendera makina awo. Tsiku lina Lubaba anatumidwa kukamupatsa khofi. Anaona mayina atadzaza pagalasi, mizere yosatha, yoti kuwerenga ungachite chizungulire. Mastewal analemba timawu tochepa, mizere yonse ija inasowa, n'kutsala nambala imodzi yokha ya anthu odya shiro pa geti loyamba.

Lubaba anaiwala kutula kapu.

"Achemwali, mwaiuza chiyani?"

"Sindinaiuze, ndaifunsa," anatero Mastewal. "Nkhokweyi ili ngati apongozi, siyamba yokha kuyankhula. Ukaifunsa bwino imakuuza zonse. Ukaifunsa mopusa imangokuyang'ana. Ukufuna uphunzire?"

"Ine ndinalakwa mayeso kawiri."

"Ndiye kompyutayi yakufunsa satifiketi?"

Paja safunsa anadya phula. Lubaba anafunsa, ndipo Loweruka lililonse akaweruka Mastewal ankabwera kudzamuphunzitsa chiyankhulo chofunsira nkhokwe, chimene amachitcha SQL. Mayi Askale analola, bola injera isachepe ndipo maluwa awo abwerere pamalo pake.

Musaganize kuti mutu unangotseguka lero ndi lero ayi. Kompyutayo inamukana Lubaba kangapo konse. Akaiwala kachizindikiro kamodzi, inkamubwezera mawu ofiira. Akasokoneza dzina la danga, mawu ofiira. Danga ndi mzere wotsika uja, umene umasunga chinthu chimodzi cha aliyense, kaya dzina, kaya geti. Masabata oyambirira Lubaba ankaona zofiira zokhazokha, koma anazindikira chinthu chimene chinamusangalatsa. Kompyuta sinkamupepesa, sinkamuuza za mwana wa uje. Inkangoti apa walakwitsa, iye n'kukonza, n'kuyesanso pompo.

Pachiwaya napo sankapuma. Akathira phala la injera n'kuvindikira, ankalemba mafunso ndi chala pa ufa umene unali patebulo. Nthawi zina ankaiwala kuvundukula.

"A Injiniya!" amayi anzake ankakuwa. "Kompyuta yanu yapserera kuno!"

Dzinalo linamumatirira. Poyamba linkamupweteka, kenako anayamba kuvomera akamuitana.

Patapita miyezi, Mastewal anamuonetsa mawu amene Lubaba anawakonda kuposa onse. Amayamba ndi CASE, kenako WHEN, ndipo tanthauzo lake ndi losavuta. Umaiuza kompyuta kuti ngati munthuyu ali chakuti, lemba ichi, ngati ayi yang'ana chotsatira, ndipo zonse zikakanika lemba icho. Lubaba anaseka, anati mayi Askale amayankhula chonchi tsiku lililonse. Mastewal anamuchenjeza kuti CASE ikangopeza "ngati" woyamba womuyenera munthu, imaima pomwepo, zotsatirazo siziyang'ananso. Lubaba anagwedeza mutu, koma chenjezolo linalowera khutu ili n'kutulukira linalo.

Chaka chimenecho Ramadani inagwera m'kati mwenimweni mwa kusala kwakukulu kwa Akhristu. Apa ndi pamene diso la mayi Askale linagwira njakata. Ena ankadya masana. Akhristu ambiri ankadikira mapemphero, n'kudya dzuwa litapendeka. Asilamu ankadikira kuti dzuwa lilowe. Masana chakudya chinkabwerera chosakhudzidwa, madzulo chinkaperewera, ndipo munthu amene wasala tsiku lonse n'kupeza mbale yopanda kanthu musamuuze zoti adekhe.

Lolemba bwana woona za chakudya ku mafakitale anabwera yekha. Sanakhale n'komwe pansi. Anati pofika Lachisanu zinthu zikapanda kulongosoka, ntchito yonse aipereka kwa anthu ena a ku Dessie, tauni yoyandikana nafe. M'khitchini muja munali amayi ambiri, ena amasiye, ena olera zidzukulu, ndipo onse ankadalira miphika imeneyo.

Bwanayo atachoka, Lubaba anapukuta manja.

"Amayi, ndiloleni ndiifunse nkhokwe."

Mayi Askale anapita okha kukachotsa maluwa.

Lubaba analemba CASE imodzi, yokongola, yopanda chofiira n'chimodzi chomwe. Anaipatsa danga limodzi, n'kulitcha chakudya. Ngati nyama yake ndi ya Asilamu, lemba kuti adya dzuwa litalowa. Ngati akusala nyama, lemba shiro. Ena onse lemba nyama ya masana. Iye mwini anali akusala Ramadani, ndiye sanakayike n'komwe kuti Msilamu aliyense akusala ngati iye. Kompyuta inatulutsa manambala aukhondo, amayi anawomba m'manja, ndipo Lubaba anapita kwawo akuyenda ngati wakwezedwa kale pantchito.

Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Lachitatu anaphika motsatira manambala aja ndipo zinthu zinaipa kuposa kale. Danga lija linkati shiro osanena nthawi, ndiye amayi anatumiza shiro yense masana, n'kukazizira kudikira eni ake. Kwa Asilamu linkanena nthawi osanena mphika. Koma choopsa chinabwera chokha ndi miyendo yake chakumadzulo. Anali Zemzem, mnzake wa Lubaba wa kusukulu, amene ankasoka makolala a malaya, mwana ali kumsana.

"Lubaba! Akuti ndiwe wawerengera zalero?"

"Ndine."

"Ine ndikuyamwitsa, mwana ndi uyu ukumuona. Ndinadina bwinobwino kuti sindikusala. Mulungu anandilola kudya masana, nanga iwe ndiwe ndani kuti undisalitse?"

Amayi ena anafuna kuseka koma anadzigwira, chifukwa Zemzem milomo inali itauma. Anati sanali yekha, anali ambiri, ndipo iye anapulumukira shiro wozizira amene mnzake wa pamakina anamugawira. Lubaba anakumbukira chenjezo la Mastewal nthawi itatha kale. Kompyuta itangoona kuti nyama ya Zemzem ndi ya Asilamu, inaima pomwepo, zoti sakusala sinaziyang'anenso.

Lubaba anapepesa akulira. Kulakwa mayeso kunapweteka iye yekha, koma apa anagonetsa ndi njala mayi woyamwitsa, ndipo manyazi ake anali a mtundu wina. Mayi Askale sanakalipe, chimene chinaopsa aliyense kuposa kukalipa. Anangoti, "Mawa ubwerere pachiwaya," n'kufunditsanso kompyuta nsalu yake. Lubaba anayesa kuimbira Mastewal koma anali pa maphunziro ku Addis Ababa, foni yozima.

Ali m'galimoto pobwerera kunyumba, Lubaba anawauza malume ake kuti mawa sapitako.

"Upita," anatero a Endris. "Ukathawa lero, anthu adzakumbukira Lachitatu lokha. Komanso ine ndikawauza chiyani mayi Askale? Ukudziwa kuti ndimawaopa."

Lubaba anapitadi. Lachinayi m'mawa anakhala pachiwaya mutu uli pansi, ndipo khitchini inali m'chipwirikiti chake cha masiku onse, aliyense akukuwira mayi Askale.

"Amayi, ndichulutse mphika uti?" anakuwa wophika ndiwo.

"Amayi, izi ndi za nthawi yanji?" anakuwa olongedza.

"Mayi Askale, geti liti?" anakuwa a Endris ali pakhomo, injini ikulira.

Phokoso limeneli Lubaba ankalimva tsiku lililonse osaliganizira. M'mawa umenewo analimvetsera. Wophika ndiwo analibe nazo ntchito za nthawi. Olongedza analibe nazo ntchito za mphika. Malume ankangofuna geti. Munthu mmodzi yemweyo, mbale imodzi yomweyo, koma mafunso atatu, ndipo aliyense ankafuna yankho lakelake. Iye tsiku lija anapanikiza mayankho onsewo m'danga limodzi, pomwe CASE imodzi imangopereka yankho limodzi basi.

Injera inapserera. Lubaba sanaimve n'komwe.

"Amayi, ndipatseninso kompyuta."

"Iwe mwana, ukufuna utimalize?"

"Tsiku lija ndinafunsa funso limodzi, pomwe inu amakufunsani atatu. Cholakwa changa ndachiona. Ndiloleni ndichikonze ndekha."

"Nanga injera aphike ndani, agogo ako?"

Mayi wina wachikulire, yemweyo amene ankakonda kumunyogodola, ananyamuka n'kumulanda chikho cha phala. "Pitani a Injiniya, ndikugwirirani. Kaya zikakanike, tikalire titayesa." Mayi Askale anatsonya, koma maluwa anawachotsa.

Ulendo uno Lubaba sanathamange. Analemba CASE yoyamba ya mphika wokha: ngati akusala nyama, shiro, apo ayi nyama imene anasankha. Anaitseka, n'kuipatsa danga lake. Analemba yachiwiri ya nthawi yokha, yosayang'ana zoti nyama yake ndi ya ndani, koma zimene munthuyo anadina yekha: masana, dzuwa litapendeka, kapena litalowa. Nayonso danga lake. Geti linali lolembedwa kale. Asanayang'ane china chilichonse anafufuza dzina la Zemzem, ndipo mzere wake unati nyama ya Asilamu, masana, geti lachitatu. Lubaba anawomba tebulo mpaka maluwa anagwa.

Koma mayi Askale sakanaphika ndi mayina zikwi. Ankafuna manambala. Apa Lubaba anagwa n'kudzuka kangapo, zofiira zikubwera, thukuta lili kamukamu, pakamwa pouma ndi kusala. Kenako anaipeza njira yake. Pa mphika uliwonse ndi nthawi iliyonse analemba CASE yakeyake: ngati munthuyu ndi wa shiro wa masana lemba 1, apo ayi lemba 0, kenako phatikiza. Ngati ndi wa nyama ya Asilamu ya masana lemba 1, apo ayi 0, phatikiza. Anapitiriza choncho mpaka madanga anandandalikana kuchokera kumanzere kukafika kumanja, geti lililonse mzere wake umodzi. Zonse zimene khitchini inkakuwirana m'mawa zinakwana papepala limodzi.

Ali pafupi kudzuka anaima kaye. Lachitatu linali litamuphunzitsa kuti manambala aukhondo akhoza kubisa munthu. Anawonjezera danga lomaliza, la aliyense amene sanagwere m'danga lina lililonse, n'kulitcha otsala. Munapezekadi anthu, atsikana atsopano amene makhadi awo anali asanalembedwe kanthu. A Endris anathamanga ndi galimoto kukawafunsa pageti mmodzimmodzi, ndipo atabwerera danga la otsala linalemba 0.

Lachisanu m'mamawa mayi Askale anavala magalasi awo amene amawabisa, n'kugwira pepala lija. Chala chawo chinaima pa danga la nyama ya Asilamu ya masana.

"Anthu onsewa? Pa Ramadani? Iwe, wayambanso?"

"Oyamwitsa, oyembekezera, odwala, ndi amene ali kumwezi," anatero Lubaba. "Amayi, m'mafakitale muja ndi akazi okhaokha. Adina okha, ine sindinawasankhire."

Mayi Askale anawerenga zala, anayang'ana kudenga, kenako anakuwa kuti nyamayo iwonjezedwe. Pepalalo analimata pakhoma. Wophika ndiwo anawerenga madanga ake, olongedza awo, a Endris mizere yawo. Kwa nthawi yoyamba khitchini inagwira ntchito mopanda kukuwa, moti amayi ena anati mwangokhala ngati mwachitika maliro, n'kuyamba kuimba kuti muzimveka anthu. Mayi Askale okha ankangozungulirazungulira kusowa womukalipira. Pambuyo pake tinadzamva kuti anatereka mphika wina wa shiro kuseri, mobisa, wa mwina mwake.

Ulendo wa masana a Endris anabwerera akuimba hutala kuyambira kumsewu. Anatsitsa zotengera n'kumaziwomba ngati ng'oma kuti aliyense amve kuti ndi zopanda kanthu.

"Palibe wotsala, palibe chotsala! Ndipo Zemzem akuti ndikuuze kuti nyama inachepa mchere."

"Auzeni akaphike okha!" anakuwa wophika ndiwo, khitchini yonse n'kufa ndi phwete.

Ulendo wa dzuwa litapendeka shiro anafika akutuluka nthunzi, eni ake akungochokera kumapemphero. Unatsala ulendo wovuta uja, wa anthu amene sanalawe ngakhale madzi kuyambira m'bandakucha. Galimoto itanyamuka Lubaba sanathe kukhala pansi. Anasesa pamene panali posesa kale. Amayi onse anakana kuweruka, anangokhala pamabenchi maso ali pa foni ya mayi Askale.

Foni inalira dzuwa lili pafupi kulowa. Mayi Askale anaiika kukhutu, nkhope ili gwa. Anati eya. Anatinso eya. Anati ndamva bwana. Anaiika m'thumba pang'onopang'ono, n'kuyamba kukonza mpango wawo ngati palibe amene akudikira.

"Amayi, tiuzeni, mutipha!"

"Akuti mbale zakwana aliyense, mageti onse. Akuti Lolemba tipitirize. Akutinso kuli fakitale yatsopano, nayonso tiziidyetsa ife."

Zimene zinachitika m'khitchinimo sindingazifotokoze bwino. Amayi a misana yopweteka anavina ndi mapewa mpaka mipango kugwa. Wina ankaimba chivindikiro ndi chipande. A Endris anafika m'kati mwa gule, n'kulowa osafunsa, makiyi akadali m'manja. Lubaba anangoima pakona, manja ali kukamwa, akuseka ndi kulira nthawi imodzi.

Kenako kumzikiti kunamveka kuitana. Dzuwa linali litalowa. Wina anamupatsa Lubaba madzi kuti amasule, ndipo mayi Askale anatulutsa mphika wawo wobisa uja, aliyense n'kuwaseka. Anayala injera m'mbale yaikulu, onse anazungulira, Akhristu ndi Asilamu, poti shiro alibe mwini. Mayi Askale anasamba m'manja. Ananyema injera, anakulungamo shiro, mbamu yaikulu ngati chibakera, n'kutembenukira kwa Lubaba.

"Yasamula."

Kuno munthu akakudyetsa ndi dzanja lake sukana, ndipo sadyetsa munthu wamba. Amayi amene anagwira ntchito ndi mayi Askale kuyambira kalekale anati anali asanawaonepo akudyetsa aliyense. Lubaba anayasamula, masaya anatupa, misozi ikutsikira m'shiro. Asanameze, mayi Askale anali atakulunga kale ina.

"Kuno timati kudyetsa munthu kamodzi kumayambanitsa, ukudziwa iwe. Yasamulanso, mwana wanga. Ndipo Lolemba ndisakuonenso pachiwaya changa, umandiwonongera ufa."

Lero Lubaba ndi amene amafunsira nkhokwe makhitchini angapo m'tauni muno, ndipo Loweruka amaphunzitsa atsikana ena. Chinthu choyamba chimene amawauza si luso lake ayi, ndi tsiku limene anamugonetsa ndi njala mayi woyamwitsa. Amati aliyense alidziwe, kuti tsiku lake likadzafika asadzathawe.

Inu amene mukuwerenga, mwina mwayesa chinthu ndi mtima wonse, anthu n'kukukhulupirirani, ndiye chakuphulikirani m'manja pamaso pa onse. Zimapweteka, sindikukunamizani. Pepesani amene mwawalakwira, koma mawa m'mawa mukapezeke pamalo pomwepo, makutu ali tcheru. Pamene panaphulikapo ndi pomwe pali chimene simunachidziwe, ndipo mukachoka wina adzachitola. Mtima wanuwo musautaye, mawa muli nawo ntchito.